Bernie Mac, mwini mbumba wa ku Chicago

Bernie Mac ndinayamba kumuona pa DVD yogula pamsika, ya mtundu uja umene ogulitsa ankathithikiza zinthu zambirimbiri pa chimbale chimodzi mpaka zithunzi n'kumaoneka ngati zili kuseri kwa utsi. Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire, ndinkachita lendi chipinda chimodzi, ndipo chimene ndinaona chinali bambo wamtali, wakuda bii, wa maso akuluakulu, atakhala pampando wa ndakhuta ndalema, ndudu yonenepa ili m'manja, akudandaulira dziko lonse la America za ana atatu a mchemwali wake amene anabwera kudzamulanda mtendere m'nyumba yake yomwe. Ndinaseka kwambiri, koma kunali kuseka kwa munthu amene nkhaniyo siikumukhudza.

Patapita zaka zingapo mchemwali wanga anamwalira, n'kusiya ana awiri, mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 5. M'mawa mwake mwa tsiku la maliro, akuluakulu a banja atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, nkhani sinatalike, chifukwa bambo a anawo anali atachoka kalekale, agogo anali atakalamba, ndipo mwini mbumba ndinali ine. Ndinabwerera m'tauni pa minibasi ndili ndi ana awiri, chikwama chimodzi cha zovala ndi jumbo ya makope a kusukulu. M'miyezi yoyambirira ija, pamene mtsikanayo ankandiyankha ndi mawu amodziamodzi ndipo mnyamatayo ankadzuka pakati pa usiku kuitana amayi ake, ndinakumbuka bambo uja wa pampando, ndipo ndinafuna kudziwa kuti anali ndani kwenikweni, nanga zimene ankanenazo anazitenga kuti.

Dzina lake lenileni linali Bernard Jeffrey McCullough, ndipo anabadwa pa 5 Okutobala 1957 mumzinda wa Chicago. Anakulira kudera la kumwera kwa mzindawo, lotchedwa South Side, kumene mabanja ambiri a anthu akuda anakhazikika atachoka m'zigawo za kumwera kwa dziko la America pothawa tsankho ndi umphawi, n'kubwera kudzafuna ntchito m'mafakitale. Bambo ake sanamulere. Anakula m'manja mwa amayi ake, a Mary McCullough, pamodzi ndi agogo ake, m'nyumba ya anthu ambiri ndi ndalama zochepa, m'banja limene tchalitchi ndi mkwapulo zinkayendera limodzi.

Pali nkhani imodzi imene iye mwini ankakonda kusimba, ndipo ndikukhulupirira kuti wofuna kumumvetsa ayambire pamenepa. Tsiku lina ali ndi zaka pafupifupi 5 anapeza amayi ake akulira, ndipo anakana kumuuza chimene chinkawaliritsa. Pa TV panali pulogalamu ya Ed Sullivan, ndipo Bill Cosby atayamba kunena nthabwala zake, mayi uja anayamba kuseka misozi ikadali m'masaya. Mwanayo ataona kusintha kumeneko anawauza amayi ake kuti akadzakula adzakhala wanthabwala, kuti mwina asadzalirenso. Lonjezo limeneli ndi limene linadzakhala mutu wa buku la mbiri ya moyo wake, Maybe You Never Cry Again, limene linatuluka mu 2003. Ali ndi zaka 8 anaimirira pamaso pa anthu pa chakudya cha kutchalitchi n'kuyamba kutsanzira mmene agogo ake ankakanganirana kunyumba. Mpingo unagwa nako kuseka, koma monga ankasimbira mwini wake, chiphaso chake choyamba chinali chikwapu cha agogo aakazi, amene sanakondwere kuti za m'nyumba zaululika pagulu. Chimene anachiyamba tsiku limenelo, chotenga zobisika za m'banja n'kuziyala pamaso pa anthu, ndi chimene anachita moyo wake wonse.

Amayi aja sanaone chipatso cha lonjezolo. Anamwalira ndi khansa Bernie ali ndi zaka 16, akuphunzira pa Chicago Vocational High School, ndipo posakhalitsa mkulu wake nayenso anatsatira. Anamaliza sukulu mu 1975, ndipo mu Sepitembala 1977 anakwatira Rhonda, mtsikana amene anadziwana naye ali kusukulu. Chaka chotsatira kunabadwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Je'Niece.

Zaka zimene zinatsatira ndi zimene anthu ambiri amazidumpha posimba za iye, koma kwa ine ndi zolemera kuposa za kutchuka kwake. Kwa zaka zoposa khumi Bernie Mac anali munthu wamba wosaka chakudya cha banja: anagwira ntchito yosesa, ananyamula mipando ndi makabati a anthu osamuka, anayendetsa galimoto yoperekera buledi m'magolosale, anagwirako ntchito m'malo ophikira zakudya, ndipo madzulo akaweruka ankapita kukanena nthabwala kulikonse kumene akanaloledwa. Ankanena nthabwala m'mapaki ndi m'sitima zapamtunda za mumzinda wa Chicago, anthu n'kumamuponyera timakobidi, ndipo pambuyo pake anayamba kupeza mpata m'makalabu a usiku a anthu akuda monga Cotton Club ya mumzindawo. Nthabwala za mtundu umenewu, zimene kwawoko amazitchula stand-up, n'zankhanza kwa wozichita, chifukwa munthu amaima yekha pansanja ndi maikolofoni basi, popanda gulu loimba kapena mnzake womuthandiza, ndipo anthu akapanda kuseka palibe kothawira. M'makalabu amenewo anthu ankabwera atatopa ndi ntchito, atalipira ndalama yovuta kupeza, ndipo wanthabwala wosakoma ankamukuwiza mpaka kutsika. Ndi m'zaka zomwezi, mu 1983, pamene madokotala anamupeza ndi matenda a sarcoidosis, amene amayambitsa titotupa ting'onoting'ono m'ziwalo za m'thupi, makamaka m'mapapo, ndipo ku America amagwira kwambiri anthu akuda. Matendawa anawasunga mumtima kwa zaka pafupifupi makumi awiri, anthu omuonerera osadziwa kuti munthu wofuula chotereyu ali ndi mapapo odwala.

Mwayi unayamba kutseguka mu 1990, ali ndi zaka 32, pamene anapambana mpikisano wa anthabwala wotchedwa Miller Lite Comedy Search. Kenaka kunabwera Def Comedy Jam, pulogalamu imene Russell Simmons anayambitsa pa TV ya HBO mu 1992 pofuna kuonetsa dziko anthabwala akuda amene ma TV akuluakulu sankawalabadira. Pulogalamuyi inkajambulidwa ku New York, pamaso pa anthu odziwika ndi kusachedwa kutopa. Amene analipo amasimba kuti usiku umene Bernie anadziwikira, wanthabwala amene anamutsogolera anali atakuwizidwa koopsa, ndipo kuseri kwa nsanja aliyense anali ndi mantha. Iye anatuluka atavala jinzi yojambulidwa nkhope yake yomwe, nagwira maikolofoni, nawayang'ana anthu aja m'maso, ndipo mawu ake oyamba anali owauza, mowatukwana, kuti sakuwaopa. Anabwereza mawu amenewo kangapo mkati mwa nthabwala zake, ndipo pa mapeto a nthabwala iliyonse ankalamula DJ kuti aike nyimbo, iye n'kuvina pang'ono, kenaka n'kuidula ndi dzanja. Pomatha mphindi zochepa zija anthu omwe aja anali ataimirira, ena akumenya mipando.

Ndaonera kachigawo kameneka nthawi zambiri, ndipo chimene chimandigwira mtima ndi mmene ankagwiritsira ntchito thupi ndi mpweya. Ankayamba chiganizo mofulumira, mawu akugundana ngati munthu wachibwibwi, kenaka n'kuima zii, maso atatong'oka, kudikira kuti anthu afike pamene iye wafika kale. Chingerezi chake chinali cha m'makwalala a South Side, chosapungulidwa kuti chikomere azungu, ndipo ngakhale munthu amene samva liwu lililonse amatha kuseka chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimamaliza nkhaniyo. Kulimba mtima kumene anaonetsa usiku uja kunali kwa munthu amene anaika kale amayi ake m'manda, amene ananyamula makabati a eni ake kwa zaka zambiri, ndipo kukuwizidwa ndi gulu la anthu a ku New York sikukanamuchotsera chilichonse chimene moyo unali usanamuchotsere kale.

Ngakhale zinali choncho, zitseko za Hollywood zinatseguka pang'ono chabe. M'zaka za m'ma 1990 ankapatsidwa mbali zing'onozing'ono m'mafilimu, monga ya m'busa wachinyengo mu Friday ya 1995, ndipo ankaoneka mwa apo ndi apo ngati malume mu sewero la pa TV la Moesha. Pulogalamu yakeyake ya pa HBO, Midnight Mac, inatha itangoyamba kumene mu 1995. Akuluakulu a ma TV ankamuona ngati munthu waukali ndi wotukwana kwambiri, wosayenera kulowa m'nyumba za anthu madzulo banja lili pamodzi.

Chimene chinasintha zinthu chinali ulendo wa anthabwala wotchedwa Kings of Comedy, umene Walter Latham anakonza kuyambira mu 1997. Bernie Mac, Steve Harvey, Cedric the Entertainer, ndipo pambuyo pake D.L. Hughley, ankadzaza mabwalo akuluakulu a masewero m'mizinda yosiyanasiyana, anthu zikwizikwi usiku umodzi, pamene manyuzipepala akuluakulu sankalembako n'komwe. Katswiri wopanga mafilimu Spike Lee anajambula zochitikazi mumzinda wa Charlotte, ku North Carolina, ndipo filimu yake, The Original Kings of Comedy, inatuluka mu 2000. Mwa anthu anayiwo, atatu anali kale ndi masewero awo pa TV, ndipo Bernie yekha ndiye analibe. Mufilimumo amayang'ana kamera n'kunena poyera kuti alibe pulogalamu chifukwa eni ma TV amamuopa. Ndiye amene anatsekera usikuwo, ndipo imodzi mwa nkhani zimene anasimba inali ya ana atatu a mchemwali wake wogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, amene iye ankati anawatenga kuti awalere.

Sindingaikire kumbuyo zonse zimene ananena m'nthabwala imeneyo. Muli mawu achipongwe onena za kamnyamata ka zaka 6 amene sindingafune kuti mwana aliyense awamve kuchokera kwa womulera, ndipo kuopseza ana ndi zibakera kumene anthu ankasekerera kuja ndi chinthu chimene ana ambiri amakumana nacho popanda choseketsa chilichonse. Komabe pansi pa ukali wonsewo panali choonadi chimene sindinamvepo munthu wina akuchinena pagulu, chakuti munthu angathe kutenga ana a m'bale wake ndi mtima wonse, n'kumawadyetsa ndi kuwaveka, koma pa nthawi yomweyo n'kumatopa nawo, kuwakwiyira, ngakhale kulakalaka moyo wake wakale. Kwathu kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu ndi woona, koma umanenedwa kawirikawiri ndi anthu amene akubwerera kwawo maliro akatha. Wotsala ndi anawo saloledwa kudandaula, chifukwa akangotsegula pakamwa anthu amati akuzunza ana amasiye. Bernie Mac anadandaula mokweza pamaso pa anthu zikwi zambiri, ndipo kuseka kwa anthu aja kunali kwa agogo, azakhali ndi amalume amene anazindikira nyumba zawo, popeza mliri wa mankhwala a crack m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 unasiya ana ambiri a m'madera ngati South Side m'manja mwa achibale.

Mlembi wina wa masewero, Larry Wilmore, anaona kuti m'nkhani imeneyi muli sewero lathunthu. The Bernie Mac Show inayamba kuonetsedwa pa TV ya Fox pa 14 Novembala 2001, mwini wake ali ndi zaka 44, ndipo inatha mu Epulo 2006 itafika zigawo 104. Bernie ankasewera ngati iye mwini, wanthabwala wolemera wokhala ku Los Angeles ndi mkazi wake Wanda, amene ankaseweredwa ndi Kellita Smith, banja lopanda mwana limene mwadzidzidzi lalandira ana atatu ochokera ku Chicago: Vanessa, namwali wamwano amene mtima wake uli kwa amayi ake, Jordan, mnyamata wodwala mphumu, wolira msanga koma wochenjera, ndi Bryana, kamtsikana kamene malume ake sankatha kukakaniza kanthu. Seweroli linali losiyana ndi ambiri a nthawi imeneyo. Munalibe phokoso la anthu oseka lija amaliika kuti oonera adziwe poseka, pa sikirini pankatuluka timawu tachikasu ndi timivi tolozera zinthu, ndipo pakati pa nkhani Bernie ankakhala pampando uja n'kumalankhula ndi oonera mwachindunji, kuwatchula kuti America, ngati munthu amene akufotokozera mnansi wake mavuto a m'nyumba. Wilmore analandira mphoto ya Emmy, yoperekedwa kwa akatswiri a za pa TV, mu 2002 chifukwa cha kalembedwe ka chigawo choyamba, seweroli linalandiranso mphoto ya Peabody, ndipo Bernie mwini wake anasankhidwa kawiri kupikisana nawo pa Emmy ya wosewera wamkulu, ngakhale sanaipate.

M'chigawo choyamba chija muli malo amene malume akuyendetsa anawo m'nyumba n'kumawalozera zinthu zake zimene sayenera kukhudza, TV yake, makina ake a mafilimu ndi nyimbo, chimodzichimodzi. Pamene ndinkaonera koyamba ndinangoona munthu woumira. Nditaonera kachiwiri, ana a mchemwali wanga akugona m'chipinda chimene kale chinali chosungiramo mabuku anga, ndinaona munthu wamantha amene akugwiritsitsa tinthu tating'ono chifukwa chinthu chachikulu, moyo umene anauzolowera, chamupulumuka kale. Inenso sabata yoyamba ndinaika malamulo ambirimbiri a wailesi, a shuga, a nthawi yozimitsa magetsi, ndipo mtsikana uja ankangoti, “Chabwino, malume,” maso ali pansi. Tsiku lina ndinamupeza kukhitchini akutsuka mbale zotsukatsuka kale, misozi ikugwera m'beseni, ndipo nditamufunsa anati ankaopa kuti akalakwitsa kanthu ndiwabweza kumudzi. Usiku umenewo sindinagone.

Mphamvu ya seweroli inali yakuti malume aja ankalephera kawirikawiri, ndipo seweroli silinkabisa. Ankaopseza kuti aphwanya mutu wa mwana, koma dzanja silinkatsika, ndipo chimene chinkatsatira chinali iye kubwerera pampando uja atagonja, akuvomereza kwa America kuti mwina analakwitsa. Vanessa ankamuuza mawu amene wolera mwana wa mwini aliyense amawaopa, akuti inu si bambo anga, ndipo iye ankawameza n'kudzukanso m'mawa kukawaperekeza kusukulu. Pa TV ya ku America panali patadutsa kale mabanja a anthu akuda a makolo ophunzira ndi ofatsa, odziwa yankho la funso lililonse, koma bambo wolera ana osabereka yekha, wokalipa, wolakwitsa, koma wosachoka, anali wachilendo. Sanasinthe kalankhulidwe kake kuti alandiridwe. Anachotsa zotukwana zokha chifukwa malamulo a TV salola, koma munthuyo anakhala yemwe uja wa m'makalabu a ku Chicago, ndipo mabanja a mitundu yonse anamulandira m'nyumba zawo, zimene eni ma TV anakhala akunena kwa zaka khumi kuti sizingatheke. Ndiyenera kunena kuti zigawo za m'zaka ziwiri zoyambirira ndi zimene zili ndi mchere wambiri, chifukwa Wilmore atachoka mu 2003 posemphana maganizo ndi akuluakulu a Fox, seweroli linayamba kufanana pang'ono ndi ena onse.

Mafilimu akuluakulu anabwera nthawi yomweyo. Anasewera limodzi ndi George Clooney ndi Brad Pitt mu Ocean's Eleven ya 2001 ndi zotsatira zake ziwiri, anatsogolera Mr. 3000 mu 2004, ndipo mu Guess Who ya 2005 anali bambo amene mwana wake wamkazi wabweretsa chibwenzi chachizungu kunyumba. Ambiri mwa mafilimuwa anagwiritsa ntchito kachigawo kochepa ka luso lake, ndipo sindikhulupirira kuti ndi amene adzamukumbutse kwa anthu. Chimene ndimachilemekeza m'zaka zimenezi n'chakuti kutchuka sikunamusunthe pa maziko ake: nyumba yake inakhalabe kufupi ndi Chicago, ndipo mkazi wake anakhalabe Rhonda yemwe uja amene anapirira naye masiku a galimoto ya buledi, mpaka ukwati wawo unapitirira zaka 30.

Thupi lokha ndi limene linayamba kubwerera m'mbuyo. Mu 2004 anadwala chibayo mpaka ntchito yojambula sewero lake inaima kwa kanthawi, ndipo pambuyo pake ndi pamene anthu ambiri anamva za sarcoidosis ija. Anakhazikitsa bungwe la Bernie Mac Foundation lothandiza kufalitsa uthenga ndi kufufuza za matendawa. Mu 2007 anauza David Letterman pa TV kuti akufuna kusiya nthabwala za pansanja atazichita kwa zaka 30, kuti apumeko ndi kudyerera moyo umene anauphonya ali pamsewu. Nthawi yopumayo inali yaifupi. Chibayo chinamugwiranso, ndipo anamwalira pa 9 Ogasiti 2008 pa chipatala cha Northwestern Memorial ku Chicago, ali ndi zaka 50 zokha. Tsiku lotsatira kunamwaliranso woimba Isaac Hayes, amene anali atangosewera naye mufilimu ya Soul Men. Pa mwambo womukumbukira ku tchalitchi cha House of Hope, ku South Side komwe anakulira, kunasonkhana anthu oposa 6,000, ndipo anzake atatu a Kings of Comedy anaima pamodzi kutsogolo, akulira ndi kuseketsa anthu nthawi imodzi.

Mukawerenga zaka, mupeza kuti munthuyu anadikira zaka zoposa makumi awiri kuti dziko limuone, ndipo atamuona anakhala nalo zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Zimandiwawa kuti sanafike pa msinkhu umene akanasewera mbali za agogo, chifukwa nkhope ija inali ndi chisoni chimene mafilimu anali asanachigwiritse ntchito.

Ntchito ina yomaliza imene anagwira inali kupereka mawu ake mufilimu ya makatuni ya Madagascar: Escape 2 Africa, imene inatuluka miyezi itatu iye atamwalira. M'menemo ndi Zuba, mkango umene mwana wake anabedwa ali wamng'ono n'kudzapezeka atakula. Loweruka lina masana ndinali pakhonde ndikusita malaya, ndipo mnyamata wa mchemwali wanga, amene panthawiyo anali atayamba sitandade 2, ankaonera katuniyo pabalaza. Ndinamva mawu aja, okandapala ndi othamanga, ndipo ndinaika simbi pansi n'kulowa. Mwanayo anandiyang'ana modabwa n'kufunsa kuti, “Malume, mukuudziwa mkangowu?” Ndinamuuza kuti mwini mawuwo ndimamudziwa, ndipo dzina lake ndi Bernie Mac. Anasendera kuti andipatse malo pampando, nagoneka mutu wake pamwendo panga, ndipo tinaonera limodzi mpaka filimuyo inatha, malaya aja ali pakhonde osasita.